Kukhazikitsa Gulu Lodzipereka Lopanga Gemu pa Mpikisano wa Masiku Ochepa

Game jam ndi mpikisano womwe anthu amapatsidwa mutu ndi nthawi yochepa, kawirikawiri maola 48 kapena 72, kuti apange gemu ya pakompyuta kapena ya pafoni kuyambira pachiyambi mpaka ifike poseweredwa. Mutuwo umabisidwa kufikira ola loyambira. Nthawi ikakwana, aliyense amapereka chomwe chili m'manja, kaya chatha kaya sichinathe. Ambiri mwa olowa mipikisanoyi sadyera magemu. Amakhala ana asukulu, aphunzitsi, ojambula, oimba ndi anthu a ntchito zina omwe apatula Loweruka ndi Lamlungu limodzi. Salipidwa, ndipo mipikisano ina yotchuka ilibe n'komwe mphoto ya ndalama. Banja lomwe mwana wake wabwera ndi nkhani yosonkhanitsa anzake pakhomo kwa masiku awiri liyenera kudziwiratu zimenezi, kuti Lolemba pasadzapezeke wofunsa kuti ndalama zija zili kuti.

Mwambowu unayamba mu 2002. M'mwezi wa Malichi chaka chimenecho, Chris Hecker ndi Sean Barrett anaitana anzawo ochepa ku California, m'dziko la America, ku msonkhano womwe anautcha Indie Game Jam. Mu Epulo, Geoff Howland anayambitsa Ludum Dare, mpikisano wochitikira pa intaneti. Nordic Game Jam inayamba ku Copenhagen mu 2006, ndipo ndi yomwe inapereka nzeru kwa Susan Gold, Gorm Lai ndi Ian Schreiber kuti akhazikitse Global Game Jam. Yoyamba inachitika mu Januwale 2009, ndipo anthu pafupifupi 1,600 a m'mayiko 23 anapanga magemu 370.

Magemu ena omwe lero amagulitsidwa padziko lonse anabadwira m'mipikisano yotere. Broforce, ya kampani ya Free Lives ya ku Cape Town, inayamba ngati kagemu ka Ludum Dare mu 2012 ndipo inatuluka yathunthu mu 2015. Mtundu woyamba wa Surgeon Simulator 2013 unapangidwa m'maola 48 pa Global Game Jam ndi antchito a Bossa Studios ya ku London. Baba Is You, ya Arvi Teikari wa ku Finland, inachokera ku Nordic Game Jam ya 2017. Nkhanizi zimalimbikitsa, koma ndi zowerengeka pakati pa magemu zikwizikwi omwe amangoseweredwa sabata imodzi n'kuiwalika. Phindu lodalirika ndi lina: achinyamata amaphunzira kugawana ntchito, kusunga nthawi, ndi kumaliza chinthu chomwe angathe kuonetsa pofunsira ntchito kapena malo a sukulu.

Kusankha mpikisano

Mpikisano uyenera kusankhidwa gulu lisanapangidwe, chifukwa malamulo ake ndi omwe amanena anthu ofunika ndi nthawi yomwe adzataye. Ludum Dare ili ndi magawo awiri odziwika. Compo ndi ya munthu mmodzi, imatenga maola 48, ndipo zithunzi, nyimbo ndi pulogalamu ziyenera kupangidwa mkati mwa nthawiyo. Jam imatenga maola 72, imalola magulu, ndipo imalolanso zithunzi kapena nyimbo zopangidwa kale ngati eni ake analoleza. Gulu lolembetsa ku Compo lathyola lamulo lisanakhudze n'komwe kompyuta.

PyWeek, yomwe inayamba mu 2005, imapereka sabata yathunthu ndipo imafuna kuti gemu ilembedwe m'chilankhulo cha pakompyuta chotchedwa Python. Imakomera anthu omwe masana amakhala kuntchito kapena m'kalasi. Mpikisano wa js13kGames, womwe Andrzej Mazur wa ku Poland anauyambitsa mu 2012, umayamba pa 13 Ogasiti n'kutha pa 13 Sepitembala, ndipo gemu yonse siyenera kuposa makilobaiti 13, kutanthauza kuti imachepa kuposa chithunzi chimodzi chojambulidwa ndi foni. Kutumiza gemu yotere sikudya bandulo, koma kuipanga kumafuna munthu wodziwa bwino JavaScript. Pa webusaiti ya itch.io pamakhala mipikisano yambiri chaka chonse, kuphatikizapo GMTK Game Jam yomwe Mark Brown anayamba mu 2017.

Global Game Jam imachitika chakumapeto kwa Januwale, ndipo anthu amalembetsa kudzera pa malo ovomerezeka omwe akonza ochititsa a m'deralo. Siilengeza wopambana wa dziko lonse, ndipo imalandira ngakhale magemu a makadi ndi a pabolodi. Pa chifukwa chimenechi ndi poyambira pabwino kwa gulu losazolowera kapena lomwe makompyuta ndi operewera. Malo ambiri amafuna kuti wosakwana zaka 18 abwere ndi kholo kapena womuyang'anira. Ku Malawi, mapeto a Januwale ndi nthawi ya mvula: mitambo imafooketsa magetsi a sola, sukulu zimakhala pakati pa teremu yachiwiri, ndipo kumunda kumafuna manja. Gulu lomwe mamembala ake sangachoke pakhomo nthawi imeneyo lingachite bwino kusankha mpikisano wa miyezi ina.

Ola loyambira limasokoneza ambiri. Mipikisano yambiri ya pa intaneti imayamba nthawi imodzi padziko lonse, ndipo kawirikawiri ola lake limalembedwa m'nthawi ya padziko lonse yotchedwa UTC. Malawi, Zambia, Mozambique, Zimbabwe ndi South Africa ali patsogolo pa UTC ndi maola awiri. Malamulo akanena 00:00 UTC, kumeneko ndi 2 koloko usiku. Wina ayenera kuwerengera ola loyambira ndi lotsekera, alembe papepala ndi zilembo zikuluzikulu, n'kumata pakhoma.

Kupeza anthu

Anthu atatu, anayi kapena asanu ndi okwanira. Chiwerengero chikakula, nthawi imathera pomvana. Pa anthu anayi pali njira 6 zomwe awiri angafunikire kulankhulana. Pa anthu asanu ndi atatu njirazo zimafika 28. Ofuna akachuluka, ndi bwino kupanga magulu awiri okhala m'chipinda chimodzi, odyera pamodzi, koma aliyense ndi gemu yake.

Uthenga woitanira anthu ungadutse m'gulupu ya WhatsApp, m'kalabu ya makompyuta kusukulu, kapena m'zolengeza za achinyamata kutchalitchi ndi kumzikiti. M'mizinda, malo ophunzitsira zaukadaulo monga mHub ku Lilongwe ndi komwe kumapezeka achinyamata odziwa kulemba mapulogalamu. Uthengawo unene dzina la mpikisano, masiku, malo, luso lomwe likusoweka, tsiku la msonkhano woyamba, ndipo unene poyera kuti palibe malipiro kapena alawansi. Mfundo yomalizayi ikabisidwa, imadzatulukira pa tsiku loipa.

Oyankha kuti «ndilipo» pafoni amachuluka nthawi zonse. Zimafanana ndi kuumba njerwa za sukulu: tsiku lolengeza aliyense amaimika dzanja, tsiku lachitatu pa dothi pamatsala anthu owerengeka, ndipo njerwa zimaumbidwa ndi omwewo. Choncho kaundula weniweni ndi wa omwe afika pa msonkhano woyamba ndi kubweranso pa wachiwiri. Funso lofunika kwambiri pa msonkhanowo si la luso lokha. Aliyense afunsidwe maola enieni omwe adzapezeke. Wina Loweruka m'mawa amagulitsa mu shopu ya makolo, wina amapemphera Loweruka, wina Lachisanu masana, wina ali mu kwaya Lamlungu. Katswiri wopezeka maola asanu okha amapatsidwa ntchito ya maola asanu, yoti ikachedwa gemu isaime. Msana wa gemu umaperekedwa kwa amene adzakhalepo kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ngakhale luso lake likhale lapakatikati.

Ntchito zake ndi zodziwika. Pamafunika wolemba pulogalamu, mmodzi kapena awiri; wojambula anthu, malo ndi mabatani; wokonza phokoso ndi nyimbo; ndi wolingalira malamulo a gemu, amene amaonetsetsa kuti ikukoma kusewera. Munthu mmodzi akhoza kusenza ziwiri. Wosadziwa chilichonse cha kompyuta asabwezedwe. Akhoza kujambula phokoso ndi foni, kulemba mawu a mu gemu, kukonza masiteji papepala, ndi kuyesa gemu maola onse kufunafuna pomwe ikuthyokera. Ntchito yomalizayi akatswiri amaizemba, koma ndi yomwe imapulumutsa gulu.

Pali chizolowezi chimodzi chofunika kuchikana msanga. Gulu likasonkhana pakhomo, atsikana omwe anabwera kudzapanga gemu amapezeka ali kukhitchini pomwe anyamata ali pa laputopu. Palibe amene amalamula zimenezi, zimangochitika. Mtsikana amene walembedwa kuti ndi wojambula kapena wolemba pulogalamu akhale pa ntchito yakeyo, ndipo zophika ndi zotsuka mbale zikhale ndi ndandanda yakeyake yokhudza onse.

Mnzawo kapena m'bale amene ali kutali, monga ku Johannesburg kapena ku London, angathe kulowa nawo ngati malamulo akulola. Amapatsidwa ntchito yoima payokha, monga nyimbo, yosafuna kufunsa mphindi iliyonse. Ngati intaneti yake ndi yodalirika, amathandizanso potumiza gemu pa tsiku lomaliza. Wa ku London akumbukire kuti mu Januwale Malawi ali patsogolo ndi maola awiri, koma mu Julayi ndi ola limodzi.

Mtsogoleri ndi mgwirizano

Munthu wodzipereka sangachotsedwe ntchito, sangadulidwe malipiro, ndipo akakhumudwa amangonyamula laputopu yake n'kumapita. Mphamvu za mtsogoleri wa gulu lotere zimachokera pa zomwe onse anagwirizana mpikisano usanayambe, basi. Ntchito yake yaikulu ndi kuyang'ana wotchi ndi kudula. Maganizo abwino amabwera ambiri, ndipo payenera kukhala mmodzi amene onse anamupatsa chilolezo chonena kuti ichi sichilowa. Wodziwa kwambiri kulemba pulogalamu si amene ayenera kutsogolera, chifukwa iye amafunika kusiyidwa phee kwa maola angapo, pomwe mtsogoleri amasokonezedwa nthawi zonse.

Mgwirizano ulembedwe pa tsamba limodzi, aliyense asayine. Unene ntchito ya aliyense, amene adzagamule pakakhala kusamvana, ndalama zosonkha ndi wozisunga, akaunti yomwe gemu idzatumizidwire ndi odziwa pasiwedi yake. Unenenso kuti mayina a onse ogwira ntchito adzalembedwa mu gemu, ngakhale la amene anachoka pakati atathandizapo. Nkhani ya umwini imaoneka yoseketsa pomwe gemu kulibe, koma nthawi yosavuta kuikambirana ndi imeneyo. Gemu ikadzatchuka kapena wina akadzafuna kuipitiriza yekha, pepalalo ndi lomwe lidzayankhe. Malamulo a mpikisano nawo awerengedwe: Global Game Jam, mwachitsanzo, imasiya umwini m'manja mwa opanga, koma imafuna kuti gemu yoperekedwa iikidwe pa webusaiti yake pansi pa laisensi ya Creative Commons, kuti ena aione ndi kuphunzirapo.

Za eni ake sizitengedwa. Nyimbo ya woimba wotchuka, chithunzi cha mu filimu kapena munthu wa mu gemu ina zingachititse kuti gemu ichotsedwe, ndipo ku Malawi bungwe la COSOMA limateteza umwini wa ntchito zaluso. Zaulere zololedwa zilipo zambiri pa OpenGameArt, Freesound ndi Kenney, koma chilichonse chili ndi laisensi yake. Ya CC0 siifuna chilichonse; zina zimafuna kuti dzina la mwini litchulidwe.

Zida ndi kuyeserera

Lamulo la zida ndi lalifupi: gulu ligwiritse ntchito chomwe likuchidziwa kale. Maola 48 si nthawi yophunzirira injini yatsopano, kutanthauza pulogalamu yopangira gemu. Godot, yomwe inatsegulidwa kwa aliyense mu 2014, ndi yaulere, imayenda pa laputopu yakale, ndipo imatha kunyamulidwa pa fulashi. GDevelop imalola kupanga gemu popanda kulemba pulogalamu yambiri. Scratch, ya MIT Media Lab, inakonzedwera ana ndipo ili ndi mtundu woyenda popanda intaneti. Odziwa Python amagwiritsa ntchito Pygame, ndipo ofuna gemu ya nthano yosankha njira amakonda Twine. Pojambula pali Krita, GIMP ndi Piskel, pokonza phokoso pali Audacity ndi Bfxr. Unity ndi yamphamvu, koma ndi yolemera magigabaiti angapo ndipo imatopetsa kompyuta yofooka.

Zonse zipangidwe dawunilodi sabata ya mpikisano isanafike, pamalo pomwe intaneti ndi yotsika mtengo, n'kugawidwa pa fulashi. Aliyense akhale ndi mtundu wofanana wa injini, chifukwa pulojekiti ya Godot 4 siitseguka mu Godot 3. Pali msampha wina womwe umagwira ambiri. Godot payokha ndi yaing'ono, koma mafayilo otulutsira gemu kuti iyende pa kompyuta ya wina kapena pa intaneti, otchedwa export templates, amapangidwa dawunilodi padera, ndipo ndi aakulu kwambiri kuposa injiniyo. Gulu lomwe lazindikira zimenezi kutatsala ola limodzi, bandulo itatsala pang'ono, limataya ntchito ya masiku awiri.

N'chifukwa chake pamafunika tsiku loyeserera. Masabata awiri mpikisano usanachitike, gulu likumane masana amodzi n'kupanga kagemu kopanda pake: kabokosi koyenda ndi mabatani, kakagunda khoma kalire. Wojambula atumize chithunzi chimodzi, wa phokoso atumize kulira kumodzi, wolemba pulogalamu aziphatikize, atulutse gemu, aiike pa itch.io mobisa, ndipo wina aitsegule pa foni kapena kompyuta ina. Maola atatu amenewa amaulula zonse: laputopu yosalandira fulashi, chithunzi chachikulu mopitirira, akaunti yosatsimikizidwa, ndi munthu amene safika pa nthawi.

Kusunga mafayilo kumafuna dongosolo. Vuto lofala ndi lakuti anthu awiri asintha fayilo imodzi, wachiwiri posunga n'kufufuta ntchito ya woyamba. Git, yomwe Linus Torvalds anailemba mu 2005, inapangidwira vutoli, ndipo imasunga mbiri ya ntchito ngakhale popanda intaneti. Koma ngati gulu silinaigwiritsepo, njira yosavuta ndi yakuti laputopu imodzi ikhale mwini pulojekiti, munthu mmodzi yekha aziphatikiza zonse, ndipo maola awiri aliwonse foda yonse ikopedwe pa fulashi ndi dzina la tsiku ndi ola. Mayina monga «yomaliza» ndi «yomaliza yeniyeni» amasocheretsa pofika Lamlungu.

Gawo la banja

Banja lolandira gulu limasenza zambiri, ndipo liyenera kufunsidwa mwaulemu, nthawi ikadalipo. Pamafunika chipinda chokhoma, tebulo, mipando, kuwala kokwanira ndi chimbudzi chapafupi. Holo ya tchalitchi kapena kalasi yokhala ndi magetsi ingagwirenso ntchito ngati eni ake avomera. Alendo akamagona, oyandikana nawo ndi amfumu kapena wapampando wa dera adziwitsidwe, chifukwa malaputopu asanu m'nyumba imodzi amakopa maso.

Magetsi awerengeredwe. Pa chaja ya laputopu pamalembedwa mphamvu yake, kawirikawiri 45W kapena 65W. Malaputopu anayi a 45W amakoka pafupifupi 180W. Batire la 12V 100Ah limasunga 1,200Wh, koma la asidi siliyenera kutsitsidwa kupitirira theka, ndiye zogwiritsa ntchito ndi pafupifupi 600Wh. Pamenepo pali maola atatu okha, mwina kucheperapo chifukwa inveta nayo imadya. Magetsi akabwera, chilichonse chitchajidwe nthawi yomweyo. Akathima, batire lisungidwire laputopu ya wolemba pulogalamu, ena apitirize papepala kapena pafoni. Jenereta imakhala panja, kutali ndi mawindo. Utsi wake ulibe fungo lochenjeza mokwanira ndipo umapha anthu ali m'tulo. Mbaula yamakala m'chipinda chotseka ndi yoopsa chimodzimodzi. Ekisitenshoni imodzi isasenzetsedwe ketulo kapena mbaula yamagetsi pamodzi ndi makompyuta.

Chakudya chisonkhedwe. Ufa, ndiwo, mafuta, shuga ndi makala zigawidwe pa msonkhano, kuti mayi wapakhomo asadyetse anthu asanu kuchokera m'thumba lake. Ndalama za bandulo ndi mayunitsi a magetsi zingatumizidwe pa Airtel Money kapena Mpamba kwa msungichuma, iye azilemba chilichonse m'kope. Madzi akumwa akhale pafupi, koma osati pa tebulo la malaputopu.

Tulo ndi nkhani yomwe makolo ali ndi ufulu woumirira. Achinyamata amaona ngati kuchezera usiku wonse ndiye kulimbikira, koma wolemba pulogalamu wosagona amalemba zolakwika zomwe zimadya m'mawa wonse kuzikonza. Ochepera zaka 18 abwere ndi chilolezo cha makolo, pakhale wamkulu wodalirika nthawi zonse, ndipo njira yabwino ndi yakuti azikagona kwawo, ataperekezedwa kusanade kwambiri. Ogona pamalopo, anyamata ndi atsikana akhale ndi zipinda zosiyana.

Maola a mpikisano

Maola 48 si 48. Kuchotsapo tulo ta masiku awiri, maola 14, pamatsala 34. Kudya, kusamba ndi kuyenda kumatenga ena asanu ndi limodzi. Mapemphero ndi kuthima kwa magetsi zikachotsedwanso, ogwirira ntchito amatsala pakati pa 20 ndi 25. Gemu ilingaliridwe molingana ndi theka la maola amenewo, chifukwa chilichonse chimatenga nthawi yoposa yomwe chimaoneka.

Mutu ukalengezedwa, aliyense akhale payekha mphindi 15 ndi kulemba maganizo ake, kenako onse awerenge. Kuyamba ndi kukambirana kumapatsa mpata wolongolola yekha. Pasanathe maola awiri ganizo limodzi likhale litasankhidwa. Mitu imakhala yotakata dala: Global Game Jam inapereka «Waves» mu 2017, «Repair» mu 2020 ndi «Roots» mu 2023. Ganizo loyamba kubwera m'mutu limakhala lomwe magulu ena mazanamazana aliganizanso, choncho zinthu za pakhomo ndi m'mudzi zimapatsa gulu mwayi wosiyana ndi anzawo. Bawo, phada, fulaye ndi chipako zili ndi malamulo omwe anayesedwa ndi mibadwo, ndipo osewera akunja ambiri sanawaonepo.

Chitsanzo cha mutu wa «Repair», kukonza zinthu, chingaonetse kadulidwe kake. Gulu laganiza gemu ya mjigo wowonongeka. Poyamba maganizo amasefukira: mudzi wonse, komiti ya mjigo, msika wogulako zipangizo, nyengo ya mvula ndi ya chilimwe, midzi isanu yosiyana. Zonsezo ndi ntchito ya chaka. Mtsogoleri amafunsa kuti wosewera azichita chiyani ndi zala zake. Yankho likhale mneni mmodzi: akusankha. Pa sikirini pali mjigo, mzere wa zidebe ukutalika, ndipo pansi pali zipangizo zitatu, labala, ndodo ndi paipi. Mjigo ukalira mwa mtundu wina, wosewera asankhe choyenera. Akalondola, madzi atuluka ndipo mzere uchepa. Akaphonya katatu, mzere wafika kumapeto kwa sikirini ndipo gemu yatha. Izi zikhoza kuyesedwa pa tebulo ndi zitsekerero za mabotolo kompyuta isanayatsidwe. Phokoso lake lili panja: chitsulo chogundidwa ndi sipanala, madzi othiridwa m'chidebe, zonse zojambulidwa ndi foni m'mphindi khumi.

Pofika Loweruka masana, gemu ikhale ikuseweredwa, ngakhale anthu ake akhale mabokosi ofiira ndi obiriwira. Iyambe, munthu apambane kapena agonje, iyambirenso. Zithunzi zokongola zimalowa pambuyo. Loweruka madzulo gemu ituluke koyamba ndi kuikidwa pa webusaiti ya mpikisano ngati malamulo akulola kusintha pambuyo pake; kuyambira pamenepo gulu limakhala ndi chopereka, zivute zitani. Maola atatu kapena anayi aliwonse onse aimirire mphindi zisanu, aliyense anene chomwe wamaliza, chomwe akuyamba ndi chomwe chamutsekereza. Wokanirira pa vuto limodzi kwa ola lathunthu anene, kuti lizunguliridwe kapena chinthucho chichotsedwe.

Apa a pabanja amakhala ndi ntchito yomwe palibe wina angaigwire. Mng'ono wa zaka khumi, mayi kapena agogo apatsidwe kiyibodi, ndipo opanga gemu atseke pakamwa, manja kumbuyo. Osalongosola, osaloza. Woyesayo akakhala mphindi yathunthu akusakasaka batani loyambira, kapena akafunsa kuti iye ndi uti pa sikirinipo, vuto ndi la gemu, ndipo lilembedwe. Oweruza akutali sadzakhala ndi wowafotokozera. Mawu a mu gemu akhale ochepa. Akhoza kukhala a Chichewa, koma malangizo a mabatani alembedwenso m'Chingerezi kuti osewera a mayiko ena asasochere.

Mikangano imakonda kubuka Loweruka usiku, anthu atatopa, pomwe wojambula wauzidwa kuti chithunzi chomwe wachivutikira maola atatu sichilowa. Mtsogoleri anene chifukwa chake, chomwe kawirikawiri ndi nthawi, ndipo chochotsedwacho chilembedwe pa pepala la zodzawonjezera mpikisano ukatha. Wina akasowa osatsanzika, ntchito yake ichepetsedwe kapena ifafanizidwe, osati kuunjikidwa pa otsala.

Kupereka ndi zotsatira

Lamlungu masana, kapena kutatsala maola asanu pa mpikisano wina uliwonse, zatsopano zimaletsedwa. Kotsala ndi kukonza zolakwika, kulemba mayina a onse, kujambula zithunzi zitatu za gemu, ndi kulemba ndime yaifupi yofotokoza kaseweredwe. Kutumiza kuyambe kutatsala maola awiri kapena atatu, chifukwa ola lomaliza magulu onse amathamangira pa webusaiti imodzi ndipo imalemera. Pakhale foni yachiwiri ya netiweki ina, yokhala ndi bandulo yosakhudzidwa. Gemu yoyenda mu browser imaseweredwa ndi anthu ambiri kuposa yofuna dawunilodi, popeza ambiri amaopa kutsegula fayilo yochokera kwa mlendo. Ikatumizidwa, wina aitsegule pa kompyuta yomwe sinagwiritsidwe ntchito popanga, kuti atsimikize kuti palibe fayilo yotsalira.

Pa Ludum Dare ndi PyWeek, oweruza ndi olowa mpikisano omwewo. Kwa masiku angapo otsatira, magulu amasewera magemu a anzawo ndi kupereka mapointi. Ludum Dare imaona zinthu monga kusangalatsa, nzeru zatsopano, kutsata mutu, zithunzi ndi phokoso, ndipo gemu imafunika mavoti osachepera 20 kuti ilowe pa mndandanda wa zotsatira. Gulu losewera ndi kuyankhapo pa magemu a ena ndi lomwe gemu yake nayo imaonekera, choncho bandulo ina isungidwire ntchito imeneyi, ndipo igawidwe kwa mamembala onse.

Pakatha sabata, gulu likumanenso ola limodzi. Msungichuma awerenge ndalama zomwe zinalowa ndi kutuluka, zotsala zibwezedwe kapena zisungidwe mogwirizana. Zobwereka, monga ekisitenshoni, mipando ndi batire, zibwerere kwa eni ake, ndipo banja lomwe linapereka nyumba lithokozedwe pamaso, mayunitsi a magetsi atabwezeredwa. Aliyense atenge kope la pulojekiti yonse. Wina alembe zomwe zinayenda, zomwe zinadya nthawi, ndi zomwe zinasowa, kuti gulu lotsatira liyambire pamenepo. Pomaliza pagamulidwe ngati gemu ipitirizidwe. Ngati ena akufuna ndipo ena sakufuna, opitiriza atsate zomwe zinalembedwa pa pepala la mgwirizano, ndipo mayina a oyamba aja akhalebe mu gemu.